Akakusumirani kuti mutseke pakamwa: zochita kuyambira tsiku la chisamani mpaka apilo

Mlandu wofuna kutseka munthu pakamwa umadziwikira pa ndalama zimene wosuma akufuna. Tiyerekeze kuti mlimi wa chinanazi wa kufupi ndi Limbuli walemba pagulu la WhatsApp la m'dera kuti madzi a mumtsinje ayamba kununkha chiyambire kampani ina kutayiramo zotsalira za m'fakitale. Mwezi usanathe, kukubwera munthu wa pa njinga yamoto ndi chisamani chomuuza kuti alipire K200 miliyoni chifukwa choipitsa mbiri. Wosumayo akudziwa bwino kuti mlimiyo, ngakhale atagulitsa munda, mbuzi ndi malata a nyumba, ndalamazo sangazifike n'komwe. Iye akungofuna kuti mlimiyo atope ndi maulendo a ku Blantyre, ndipo ena onse pagulupo, poona zimene zamuonekera mnzawo, akhale chete osachita kuuzidwa.

Milandu yotereyi amaitcha SLAPP, dzina limene anaipatsa George Pring ndi Penelope Canan a pa yunivesite ya Denver ku America m'zaka za m'ma 1980. Madera ena anaikhazikitsira malamulo akeake. California ili nalo kuyambira 1992, European Union inavomereza lake mu 2024, ndipo ku South Africa khoti la Constitutional Court linagamula mu Novembala 2022, pa mlandu wa Mineral Sands Resources ndi Reddell, kuti wosumiridwa angathe kudziteteza ponena kuti mnzakeyo akugwiritsa ntchito khoti molakwika pofuna kumutseka pakamwa. Kuno kwathu lamulo lapadera lotero kulibe. Tili ndi gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko, limene limateteza ufulu wolankhula, gawo 36 la ufulu wa atolankhani, ndi malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku High Court a 2017. Zida zimenezi zimagwira ntchito, koma zimagwirira munthu amene wasunga masiku ndi mapepala. Ambiri amene amagonja pa milandu iyi amagonja jaji asanamve n'komwe ngati zimene ananena zinali zoona.

Choyamba: dziwani pepala limene mwalandira

Kalata ya loya si chisamani. Imabwera ndi mawu oopsa, kukupatsani masiku 7 kapena maola 48 kuti mupepese, mufufute zimene munalemba ndi kulipira, koma ilibe mphamvu ya khoti. Musaiponye pansi pa mphasa, komanso musathamangire kupepesa usiku womwewo, chifukwa chipepeso cholembedwa mwamantha chimasanduka umboni wakuti munanama. Mukaona kuti pena pake munaphonyadi, mwina tsiku kapena dzina la esiteti, kukonza msanga kumachepetsa chipukuta misozi. Koma mawu ake alembedwe ndi loya.

Chisamani cha ku High Court chimakhala ndi nambala ya mlandu, chidindo cha khoti, ndi chikalata chofotokoza dandaulo lonse. Kukana kuchilandira, kapena kubisala m'munda wa tiyi wobweretsayo akafika, sikuimitsa kanthu.

Chiletso ndi lamulo la jaji lokuletsani kulankhula kapena kulemba za nkhaniyo. Chimenechi mverani kuyambira ola limene mwachilandira, ngakhale mukuchiona kuti n'chopanda chilungamo. Wochiphwanya amayankha mlandu wonyoza khoti, ndipo angathe kulowa nawo m'ndende, mlandu weniweni usanayambe.

Ena amadzera kupolisi. Mu Julayi 2025 majaji atatu a High Court, pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele, anagamula kuti gawo 200 la Penal Code, limene linkachititsa kuipitsa mbiri kukhala mlandu wa upandu, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Wapolisi akakutchulirani gawo limenelo, muuzeni loya wanu msanga. Chenjerani komabe ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene apolisi akhala akumangira anthu pa zolemba za pa Facebook ndi WhatsApp. Mukamangidwa, gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limakupatsani ufulu wokhala chete ndi wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi salipira.

Chachiwiri: werengani masiku tsiku lomwelo

Lembani kuseri kwa chisamanicho tsiku ndi ola limene mwachilandira, ndi dzina la amene wakupatsani. Ku High Court muli ndi masiku 14 obweza fomu ya Response, momwe mumanena kuti mlanduwu mukuukana, ndi masiku 28 opereka chikalata chodzitetezera pamodzi ndi mndandanda wa mapepala amene mudzadalire. Yambani kuwerenga pa tsiku lolandiralo, Loweruka ndi Lamulungu osalumpha. Mukalandira pa 3 Malichi, tsiku la 14 ndi pa 16 Malichi ndipo la 28 ndi pa 30 Malichi. Kuwerenga motere mwina kungakufulumizitseni ndi tsiku limodzi, koma sikungakuchedwetseni.

Milandu ikuluikulu ya anthu a ku Mulanje ndi Thyolo imapita ku Principal Registry ku Chichiri, chifukwa khoti la majisitireti la pa boma lili ndi malire a ndalama zimene lingagamule, ndipo Courts Act sililola khotilo kupereka chiletso cha mtundu uwu. Choncho ikani pambali ya minibasi yokafikira ku Limbe ndi kupitirira ku Chichiri, ndi ina yolipirira mapepala ku kaundula wa khoti. Tengani makope atatu a chilichonse: la khoti, la loya wa wosuma, ndi lanu. Lanulo lidindidwe, tsiku lioneke bwino.

Masikuwa akadutsa muli chete, wosuma amangopempha chigamulo cha wosayankha, ndipo chotsatira n'kuwerengera chipukuta misozi. Zikafika apo sikuti zatheratu. Order 12 ya malamulo a 2017 aja imalola kupempha kuti chigamulocho chichotsedwe, ndipo pempholo lifike pasanathe miyezi 3. Mumalemba kalata yolumbira yofotokoza chimene chinakulepheretsani kuyankha, n'kusonyezanso kuti muli ndi chodzitetezera chenicheni. Ziwirizi ziyendere limodzi. "Ndinalibe ndalama" pakokha n'chifukwa chofooka, pamene buku la kuchipatala losonyeza kuti munagonekedwa masabata atatu limalankhula lokha.

Chachitatu: umboni usungidwe foni isanasowe

Jambulani uthenga wonse monga unalembedwera, tsiku ndi dzina la gulu zikuoneka, pamodzi ndi mauthenga amene anabwera patsogolo ndi pambuyo pake, chifukwa tanthauzo la mawu limadalira nkhani yonse. Tumizani zithunzizo ku imelo kapena ku foni ya m'bale wodalirika, zina musindikize. Loya akakulangizani kuchotsa zimene munalemba, chotsani mutasunga kale. Sonkhanitsani mapepala a malipiro ngati nkhani ndi ya otchola tiyi, zithunzi za mtsinje zokhala ndi tsiku, mabuku a kuchipatala a amene anadwala, makalata amene munalembera a zantchito kapena a zachilengedwe, ndi zolemba za msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC). Kuno mvula siipempha chilolezo, ndiye zonsezi zikhale m'jumbo yomanga bwino, osati pamwamba pa kabati pomwe denga limadontha.

Mboni zilembedwe mayina tsopano. Wantchito amene lero akuti "ndinaona ndi maso angawa" angathe kusintha mawu kapitawo akamuitana pambali, ndiye n'kofunika kuti loya atenge mawu ake molembedwa zinthu zikadali zotentha. Mapepala amene ali m'maofesi a boma mungawapemphe kudzera mu Access to Information Act, lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020.

Pa nkhani ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau, kumene amayang'ana kapezedwe kanu ndi kulimba kwa mlandu wanu. Funsaninso ku Malawi Law Society za maloya ogwira ntchito yaulere, ku Malawi Human Rights Commission, ndipo ngati ndinu mtolankhani, ku bungwe la atolankhani la MISA Malawi. Koma podikira yankho lawo masiku saima. Ngati la 14 layandikira loya asanapezeke, kaperekeni nokha Response.

Chachinayi: chodzitetezera

Wosuma ayenera kusonyeza kuti mawuwo ankanena za iye, anafika kwa munthu wina, ndipo ndi otsitsa ulemu wake pamaso pa anthu. Ayeneranso kulemba mawu enieniwo m'dandaulo lake, osati kungoti "anatinyoza". Akadutsa apo, mtolo umagwera inu, ndipo pano ndi pamene ambiri amadabwa: khoti silimuuza iye kuti atsimikize kuti munanama, limakuuzani inu kuti mutsimikize kuti munanena zoona.

Choonadi ndicho chodzitetezera champhamvu kuposa zonse, bola thunthu la nkhaniyo likhale loona, ngakhale tinthu tating'ono titaphonyeka. Chachiwiri ndi ndemanga yachilungamo pa nkhani yokhudza anthu ambiri. Apa kusiyana kwa mawu kumapulumutsa kapena kumiza munthu. "Nsomba zafa kumunsi kwa paipi ya fakitale, ndipo ine ndikuona kuti akuluakulu a kampaniyi sakusamala za ife" ndi mfundo yooneka yotsatiridwa ndi maganizo anu. "Bwana wa kampaniyi anapereka chiphuphu kwa a boma" si maganizo ayi, ndi mfundo imene muyenera kuibweretsera umboni. Chachitatu ndi chitetezo cha wodandaula kwa oyenera kumva: kalata yopita kupolisi, ku ofesi ya zantchito, ku Anti-Corruption Bureau kapena ku bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA imatetezedwa ngakhale zina mwa zolembedwazo zitapezeka zolakwika, pokhapokha wosuma atasonyeza kuti munalemba mwa njiru. Kalata yomweyo mukaiponya pa Facebook, chitetezocho sichikutsatirani kumeneko.

Ndipo "ndinangotumiza zimene ndinalandira" si chodzitetezera. Wobwereza mawu oipitsa mbiri amawerengedwa ngati wawafalitsa yekha.

M'chikalata chodzitetezera loya alembemo poyera gawo 35, afotokoze chifukwa chake nkhaniyo ikukhudza anthu, ndipo aike mfundo zosonyeza cholinga cha wosuma: kukula kwa ndalama poyerekeza ndi anthu 40 a pagulu amene anawerenga, kusankha kusumira mlimi n'kusiya nyuzipepala imene inalemba zomwezo, makalata oopseza anthu ena. Zimene simunalembe pano n'zovuta kudzazidzutsa pa apilo.

Chachisanu: kuyesa kuudula msanga

Mungapemphe jaji kuti authetse mlanduwo chifukwa wosuma akugwiritsa ntchito khoti molakwika, potsamira pa mphamvu zimene High Court ili nazo zoteteza ntchito yake, pa Order 1 imene imafuna kuti mbali ziwiri zikhale pa mlingo umodzi ndi kuti ndalama zisawonongeke pachabe, ndiponso pa chigamulo cha ku South Africa chija. Chigamulo chakunja sichimanga jaji wa kuno, chimangomuunikira. Kunena zoona, majaji sakonda kutseka mlandu umboni usanamveke, ndiye pempholi ndi loyenera pamene dandaulo likuoneka lopanda miyendo, osati nthawi zonse. Mukaluza, mumalipira zowonongera mbali inayo pa pempholo.

Chida chimene chimagwira kawirikawiri ndi ulesi wa wosuma mwini. Anthu otere akangokuopsezani amausiya mlanduwo uli lende, chifukwa kulendewerako ndiko kukutsekani pakamwa. Akalephera kuchita zimene malamulo akufuna pa nthawi yake, pemphani kuti mlanduwo uchotsedwe, ndipo Order 12 imalolanso khoti kuufufuta pakatha miyezi 12 popanda chochitika. Ikani tsikulo pa kalendala.

Chiletso nthawi zambiri chimatengedwa inu kulibe. Wochipempha motero amayenera kuulula zonse, ngakhale zomuipira. Ngati anabisa kuti munamulembera kalata katatu osayankha, chimenecho n'chifukwa chokwanira kupempha kuti chichotsedwe. Palinso mfundo yakale ya mlandu wa Bonnard ndi Perryman wa 1891, yakuti khoti lisafulumire kuletsa mawu pamene wolankhulayo walumbira kuti adzatsimikiza kuti ndi oona.

Mlandu usanafike pozengedwa umadzera kaye pa mkhalapakati, monga Order 13 ikunenera. Musajombe, chifukwa jaji angathe kufufuta chodzitetezera chanu. Pano ndi pamene wosuma amabwera ndi nkhope yofewa: "Ndalama tazisiya, ingosainani kuti simudzalankhulanso za kampaniyi." Werengani mzere umenewo kawiri. Kulonjeza kusabwereza mawu enieni amene akudandaulidwa n'kosiyana kutalitali ndi kulonjeza kukhala chete pa nkhani ya mtsinje moyo wanu wonse, ndipo chigamulo chogwirizana sichitheka kuchichitira apilo popanda chilolezo cha khoti.

Apilo

Apilo si kuzenganso mlandu. Majaji a Supreme Court of Appeal amawerenga zimene zinalembedwa m'khoti loyamba n'kuona ngati jaji analakwitsa lamulo kapena anagamula mosemphana ndi umboni. Mboni zatsopano saziitana wamba, ndipo pa funso lakuti ndani ankanena zoona amalemekeza kwambiri jaji amene anaona nkhope za mbonizo. Chifukwa chake apilo yolimba imaima pa zinthu ngati izi: jaji anatenga ndemanga ngati mfundo, sanaunike gawo 35 ngakhale linalembedwa, kapena chipukuta misozi chakwera mopanda maziko.

Yambani ndi nthawi. Gawo 23 la Supreme Court of Appeal Act limapereka masiku 14 pa chigamulo cha m'kati mwa mlandu, monga chiletso, ndi masabata 6, omwe ndi masiku 42, pa chigamulo chomaliza. Ngati mlandu unali kwa majisitireti ku Mulanje kapena ku Thyolo, apilo imapita ku High Court ndipo nthawi yake ndi yaifupi: masiku 14 pa mlandu wa chipukuta misozi, ndi masiku 10 odziwitsa khoti pa mlandu wa upandu. Musadikire kuti chigamulo chitayipidwe kaye. Mukachedwa mumapempha kuti akuwonjezereni nthawi, ndipo mumayenera kusonyeza zifukwa zomveka za kuchedwako komanso kuti apiloyo ili ndi mutu.

Kenaka funsani ngati pakufunika chilolezo. Gawo 21 la Supreme Court of Appeal Act limafuna chilolezo pa zigamulo zambiri za m'kati mwa mlandu, pa zogamulidwa m'chipinda cha jaji, pa za ndalama zowonongera mlandu zokha, ndiponso pa apilo yachiwiri, ya mlandu umene unayambira kwa majisitireti n'kudzera ku High Court. Apilo yoperekedwa popanda chilolezo chofunikacho imagwa isanamveke. Loya wochenjera amapempha chilolezocho pomwepo jaji akangomaliza kuwerenga chigamulo.

Msampha wina wagwetsa ngakhale makampani akuluakulu. Jaji akagamula kuti mwalakwa koma ndalama zidzawerengedwa ndi Rejisitala, mkulu wa kaundula wa khoti, tsiku lina, Supreme Court yanena kangapo kuti chigamulo chotero n'chosapsa, ndipo apilo yake imabwezedwa kuti mudikire kaye ndalamazo zidziwike. Pa milandu yoipitsa mbiri zimenezi zimachitika kawirikawiri, ndiye loya aone bwino ngati chigamulo chanu chathadi asanawononge ndalama zanu.

Chikalata cha apilo chimaperekedwa ku kaundula wa High Court komwe mlandu unazengedwa. Chinene ngati mukutsutsa chigamulo chonse kapena mbali yake, chimene mukufuna khoti lichite, ndi zifukwa zanu zoikidwa manambala. Chifukwa chilichonse chikhale chachifupi ndi cholunjika, chosonyeza ngati cholakwikacho ndi cha lamulo kapena cha umboni, ndi pamene chili. "Jaji sanaweruze bwino" amachifufuta. "Jaji analakwitsa lamulo pogamula kuti kalata yopita ku ofesi ya zantchito inalibe chitetezo, pamene panalibe umboni wa njiru" chimaima. Zifukwa zinayi zakuthwa zimaposa makumi awiri zobwerezabwereza.

Chimene anthu ambiri sadziwa, ndipo chimawalizitsa, n'chakuti kuchita apilo sikuimitsa chigamulo. Masherifu angathe kufika pakhomo, kulemba njinga, wailesi ndi chigayo, apilo yanu ili m'kabati ku Chichiri. Pamafunika pempho lapadera loimitsa chigamulo, ndipo limayambira ku High Court. Akakukanani ndi pamene mumapita kwa jaji mmodzi wa Supreme Court. Makhoti amayamba ndi mfundo yakuti wopambana adye zipatso za mlandu wake, ndiye kalata yanu yolumbira isonyeze ndi manambala chimene chidzawonongeke osabwereranso: munda wa mahekitala angati, ana angati a sukulu, ngongole iti. Kungoti "ndidzavutika" sikusuntha jaji. Pemphani masherifu asanabwere, chifukwa akafika kale, ndalama za ulendo wawo nthawi zambiri zimagwera inu ngakhale chigamulo chitaimitsidwa.

Chotsala ndi buku la apilo, momwe mumalowa madandaulo, umboni wonse, chigamulo ndi chikalata cha apilo. Mbali ziwiri zimakumana kwa Rejisitala kugwirizana zolowamo, ndipo kulipira ndi kulondola kuti litayipidwe ndi udindo wa wochita apilo. Apilo zambiri zimafera pamenepa, ndipo mnzanuyo angathe kupempha kuti yanu ichotsedwe chifukwa mwaigonera. Lemberani Rejisitala kalata mwezi uliwonse yofunsa pamene bukulo lafika, kope lanu lidindidwe, kuti tsiku limene adzanene kuti munachedwa ndinu mudzatulutse makalatawo. Bukulo likatuluka, onani ngati uthenga wa pa WhatsApp uja walowamo wonse pamodzi ndi mauthenga oyandikana nawo, ndipo ngati tsamba lina lasowa, dandaulani loya wanu asanapereke mfundo zake zolembedwa.